Riboni pa keke ya ukwati isakhudze kirimu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzanga ophika makeke, komanso makomiti a maukwati amene amaoda makekewo. Nkhani yake ndi ya riboni, kansalu kaja timazunguliza m'munsi mwa gawo lililonse la keke yosanjikiza. Kamaoneka kochepa, koma ndi kamene kakunyozetsa ntchito ya anthu ambiri chiyambire pamene akwati anayamba kukonda keke yopaka buttercream, kirimu wa batala, m'malo mwa ija yokuta ndi fondant, shuga wokandidwa woyalidwa pa keke ngati nsalu. Keke imachoka kunyumba ili bwinobwino. Ikamafika nthawi ya perekaniperekani, riboni yachita mathothomathotho a mafuta, pena yakhwepa, pena yasiya utoto pa kirimu woyera. Wojambula zithunzi akayandikira, chimene chimayamba kuoneka ndi chomwecho.

Gwero la vutoli ndi limodzi. Fondant imauma pamwamba, choncho nsalu ikhoza kugona pamenepo tsiku lonse osasintha. Buttercream ndi mafuta osakaniza ndi shuga, ndipo riboni ndi ulusi woluka. Ulusi umakoka mafuta monga chingwe cha koloboyi chimakokera parafini. Ukakhudza kirimu pamalo amodzi, mafutawo amayenda mu ulusimo n'kukatulukira kutsogolo, ndipo sayenda mofanana ayi: apa pada, apa pawala. Batala amasungunuka kutentha kukafika madigiri 32 mpaka 35. Mu Okutobala, ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi kapena Salima kutentha kumatha kufika pamenepo kapena kupitirira, ndipo ngakhale mu Lilongwe muno, mu tenti kapena mu holo ya malata masana mumakhala ngati mu uvuni. Keke ya ukwati wa kwathu kuno siidulidwa msanga. Imakhala pa tebulo kuyambira anthu asanalowe mpaka perekaniperekani atapita patali, maola anayi kapena asanu. Riboni yomwe ingapirire ola limodzi m'khitchini siingapirire pamenepo popanda chotchinga.

Ntchito imayambira pa kirimu weniweniyo. Wosavuta ndi uja wa batala ndi shuga wa icing, wosalala ngati ufa: magalamu 250 a batala, magalamu 500 a shuga wosefa, ndi supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri za mkaka. Kirimu ameneyu ukamusiya pa mphepo mphindi 20 kapena 30 amachita kakhungu kouma pamwamba, ndipo kakhungu kameneka ndi mpanda woyamba pakati pa mafuta ndi nsalu. Mukamugusa pang'ono ndi chala choyera, asamate. Nyengo yotentha, theka la batala lichotsedwe n'kuikapo mafuta oyera olimba ophikira makeke, magalamu 125 uku 125 uku, chifukwa mafuta amenewa sasungunuka msanga. Kukoma kumatsikako pang'ono, zimenezo n'zoona, koma keke imaima. Majarini ofewa opaka pa buledi asalowemo, ali ndi madzi ambiri ndipo kirimu wake amalefuka. Kirimu wina uja wa zoyera za mazira zotenthetsa ndi shuga n'kumenyeramo batala, amene amatchedwa Swiss meringue buttercream, ndi wosalala komanso satsekemera kwambiri, koma sachita khungu. Pamwamba pake pamakhala ponona mpaka mapeto. Amene wasankha ameneyu adziwe kuti riboni yopanda chotchinga idzada m'mphindi zochepa.

Mbali za keke ziime chilili. Riboni ndi yowongoka, sidziwa kupendama. Ngati gawo lakula m'munsi n'kuchepa m'mwamba, riboni idzagwira m'munsi n'kuyasama m'mwamba, ndipo wophika akaona mpatawo amayamba kukoka mpaka riboni ilowe mu kirimu. Posalaza, chosalazira chiime molunjika, m'munsi mwake mutakhudza bolodi, keke ikuzungulira. Pali vuto linanso lobisika: keke yongopakidwa kumene pakati imatsika ikakhalitsa, kirimu wa pakati n'kutumphukira kunja ngati lamba. Mutaikamo kirimu wa pakati ndi kupaka kaye kochepa kogwira nyenyeswa, isiyeni maola angapo kapena usiku wonse kuti ikhazikike, kenako pakani komaliza. Magawo a m'munsi alowetsedwe timitengo tochirikiza todula mofanana ndendende, tinayi pansi pa gawo la masentimita 15, tisanu kapena tisanu ndi kamodzi pansi pa la masentimita 20. Popanda timitengoti gawo la pamwamba limamira, la m'munsi n'kufufuma, riboni n'kuthina mpaka kutsegula pamfundo, pamene nsonga zake ziwiri zakumana.

Tsono riboniyo. Ya satin, yonyezimira ija imene akwati ambiri amaifuna, ndi imene imaonetsa dontho lililonse, makamaka ikakhala ya mtundu wapakatikati monga pinki, ya golide, yofiirira kapena ya buluu wowala. Ya grosgrain, ya timizere topingasa, ndi yolimbirapo, siiterera, ndipo imabisako zolakwika. Ya organza ndi yoonekera mkati, moti chilichonse mwaika kumbuyo kwake chimaoneka, ndipo chotchinga chake chiyenera kukhala pulasitiki yoonekera. Ija ya pulasitiki yomangira maluwa ndi mphatso siimwa mafuta n'komwe, koma pafupi imaoneka kuti ndi yotchipa, ndipo ine sindingaiike pa keke ya ukwati pokhapokha eni ake ataiona ndi kuivomera. Ya waya m'mphepete ndi ya tinthu tonyezimira toyoyoka zisayandikire chakudya. Palinso nkhani ya kuyera. Kirimu wa batala si woyera mbuu, amapita kuchikasu pang'ono. Mukamuzunguliza riboni yoyera kwambiri, keke yonse imaoneka ngati yakuda. Yoyenera ndi ya mtundu wa mnyanga, kapena kirimuyo mumuyeretse pomenya batala yekha mphindi zisanu kapena kuposerapo musanathire shuga, n'kudontheza utoto wa chakudya wa pepo pang'ono zedi, wongotenga ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano.

Musanagule yambiri, gulani theka la mita muyese. Nyowetsani kansalu koyera, mutikite pa riboniyo. Kakatenga mtundu, ndiye kuti utotowo udzalowanso mu keke. Zofiira, za buluu wakuda, za pepo ndi zakuda ndi zimene zimakonda kutero. Kenako pakani kirimu pa mbale yoyera, mugonekepo kachidutswa ka riboni, musiye usiku wonse m'chipinda osati mu furiji. M'mawa mudzaona chimene chidzachitike ku holo. Ikapambana mayesowa, gulani yonse pa mpukutu umodzi, chifukwa mipukutu iwiri ya mtundu womwewo imasiyana pang'ono, ndipo zikagundana pa keke imodzi diso limagwira. Riboni ya pamsika yadutsa m'manja ambiri ndi m'fumbi. Itsukeni m'madzi ofunda a sopo pang'ono, muitsukuluze, iume bwino, n'kuisita ndi ayironi yosatentha kwambiri mutayala kansalu pamwamba, poti yambiri ndi ya polyester ndipo imakwinyika ndi moto.

Kuyeza kumalakwika kawirikawiri chifukwa anthu amayeza chitini chophikira n'kuiwala kirimu. Utali wozungulira keke yobulungira ndi m'mimba mwake kuchulukitsa ndi 3.14. Chitini cha masentimita 20 chikapakidwa kirimu wa theka la sentimita mbali zonse, keke imakhala masentimita 21, ndipo kuzungulira kwake ndi 66. Onjezani awiri opitirira pamfundo, akwane 68. Mwa njira yomweyo gawo la masentimita 15 limafuna pafupifupi 52, la 25 limafuna 84, la 30 limafuna mita imodzi. Keke ya magawo atatu, 15, 20 ndi 25, imadya mamita awiri ndi kanthu, ndipo bolodi la pansi la masentimita 35 limadya ena 112. Choncho mamita atatu a magawo ndi mita imodzi ndi theka ya bolodi ndiye chiwerengero chabwino, chotsalacho chikhale chosinthira. Ziwerengerozi ndi zogulira chabe. Podula penipeni, zungulizani kachingwe koyera kapena kapepala pa gawo lopaka kale, popeza dzanja la aliyense limapaka mosiyana. Keke ya makona anayi yezani mbali imodzi, muchulukitse kanayi, n'kupinda riboni pang'ono ndi zala pamakona kuti ikhale bwino.

M'lifupi namo muli nzeru. Gawo la keke ya ukwati limatalika pafupifupi masentimita 10. Riboni ya mamilimita 15 kapena 25 imakwanira. Ya 38 ndiye malire, kupitirira apo keke imaoneka ngati yavala chitenje cha mwini wake. Yotakata kwambiri imaonetsanso msanga ngati mbali zapendama. Bolodi lokhuthala lija la mamilimita 12 limafuna ya 15.

Tifike pa chotchinga, pamene pagona nkhani yonse. Chabwino koposa ndi pulasitiki yopyapyala yoonekera yotchedwa acetate, imene imapezeka mogulitsa zipangizo zophikira makeke. Ikasowa, pepala la greaseproof, losalowa mafuta, limagwira ntchito. Dulani kamzere kotalika ngati riboni koma kochepera m'lifupi ndi milimita imodzi, kuti kasasuzumire m'mwamba. Dulani ndi rula ndi mpeni wakuthwa, osati ndi sizasi mongoyerekeza, chifukwa paliponse pamene pepala laperewera ndi khomo la mafuta. Kamzereka kamamatidwa kumbuyo kwa riboni ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri, tepiyo ili pakati pa nsalu ndi pepala, osakhudza keke.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba: pepala lophikira lija loterera kwambiri, lopakidwa silicone kuti keke isamate m'chitini, tepi siigwirapo. Mudzamata lero, mawa mudzapeza lasiyana ndi riboni. Yesani kaye kachidutswa. Wachiwiri: mukamata pepala ndi riboni zili zoyala pa tebulo, utali wonse, zikadzazungulira keke pepala limachita makwinya, chifukwa la mkati limayenda mtunda wochepa kusiyana ndi lakunja. Makwinyawo amaoneka kutsogolo ngati mitsempha. Njira yake ndi kumata zitazungulira kale. Tengani chitini chomwe munaphikira, muzungulize pepala, muike tizidutswa ta tepi motalikirana masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, kenako mugoneke riboni pamwamba pake mukuzungulira. Mukachotsa, imakhala itapindika kale ngati mkombero. Ena amaika kaye kamzere ka acetate pa keke penipeni, poti kamamatirira kokha ku kirimu, riboni n'kubwera pambuyo pake, ndipo njira imeneyi ndi yaukhondo kwambiri.

Pali malo amodzi amene ngakhale odziwa amaiwala. Riboni ya gawo la pamwamba imatsamira m'mphepete mwake pa denga la gawo la m'munsi, ndipo denga limenelo ndi kirimu. Kumbuyo mwatchinga, koma mafuta akulowera pansi n'kumakwera. N'chifukwa chake mumaona riboni yada m'munsi mokha, mzere wokhotakhota. Pofuna kupewa izi, pepala la gawo lotere lidutse pang'ono m'munsi, milimita imodzi, kuti likhale ilo lotsamira, kapena riboni ikwezedwe pang'ono isagunde pansi. Kirimu wotsekera mpata pakati pa magawo awiri naye apatsidwe nthawi achite khungu.

Ena amamata selotepi kumbuyo konse kwa riboni. Imatchinga mafuta ndithu, koma siinapangidwire chakudya, ulimbo wake umatulukira m'mphepete kukatentha, ndipo riboni imauma gwa. Ena amapaka dala mafuta oyera aja pa riboni yonse n'kupukuta ndi pepala, kuti ide yonse mofanana isanafike pa keke. Njira imeneyi imathetsa mathotho, koma mtundu umazama, kunyezimira kumachepa, fumbi limamatirira, ndipo utoto umakhudzabe chakudya. Ingagwiritsidwe ntchito pa riboni yokhayo imene yapambana mayeso a utoto, mkwatibwi ataona kaye mtundu watsopanowo pafupi ndi nsalu ya operekeza. Kwa ine njira imeneyi siiposa ya acetate ndi pepala.

Nthawi yoika riboni ndi yomaliza, makamaka ku holo komweko keke itasanjikizidwa. Gawo lililonse likhale mu furiji mphindi 30 kapena kuposerapo kuti kirimu alimbe, koma musazungulize riboni litangotuluka. Keke yozizira ikakumana ndi mpweya wofunda imachita thukuta, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo madzi pa satin amasiya mabala osachoka. Idikireni mpaka thukutalo liume; fani yoyenda pang'onopang'ono imathandiza, koma osapukuta ndi nsalu. Pa chifukwa chomwecho, keke yovala kale riboni isabwererenso mu furiji. Magetsi akazima usiku, chitseko cha furiji chisatsegulidwe mwachisawawa, ndipo m'mawa kirimu ayesedwe ndi chala asanakhudzidwe ndi china chilichonse.

Poika, yambani mwasankha nkhope ya keke, mbali imene yasalala koposa, ndipo mfundo zonse zipite kumbuyo, zitandondozana mzere umodzi. Nsonga za riboni ya polyester ziyandikizidwe ku lawi la kandulo kamphindi, osalowetsa m'moto, kuti ulusi usasomphoke. Chitani izi kutali ndi keke. Ikani kadontho ka kirimu kofanana ndi njere ya chimanga pa keke, mugonekepo nsonga yoyamba, pepala litayang'ana mkati. Zungulizani keke pang'onopang'ono, riboni ikungotsata, osaikoka. Nsonga yachiwiri ipindidwe sentimita imodzi mkati kuti pamfundo paoneke bwino, n'kumatidwa pamwamba pa yoyamba ndi kachidutswa ka tepi, nsalu pa nsalu. Manja akhale osamba ndi owuma, chifukwa chala chimodzi chonona chimasiya chidindo chimene simungachichotse. Ngati pakufunika mfundo ya gulugufe, imangidwe padera, isokereredwe ndi ulusi pa riboni isanafike pa keke, ikhale yopepuka, ndipo michira yake ikhale yaifupi kuti isakhudze kirimu wa m'munsi.

Akonzi, pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha ndi mtima wonse kuti chitheretu: mapini. Alipobe amene amabaya riboni ndi pini ya mutu wonyezimira kulowetsa mu keke, ati kuti igwire. Tonse tikudziwa mmene keke ya ukwati imathera kwathu kuno. Akwati akadyetsana, ankhoswe ndi makolo akalandira, yotsalayo imadulidwa tizidutswa mofulumira, nyimbo zikulira, n'kukulungidwa m'mapepala kuti anthu agule. Tizidutswa tambiri timakafika kunyumba n'kupatsidwa kwa ana. Wodula sakudziwa kuti munalowa mapini angati, ndipo mutu wa pini umatha kuthothoka chitsulo n'kutsalira mkati. Palibe kukongola kumene kungalipire zimenezo. Ngakhale pa magawo onamizira aja a styrofoam, pulasitiki yoyera yopepuka yoikidwa m'malo mwa keke, kapena pa bolodi, gwiritsani ntchito tepi, kuti pa tebulo la keke pasapezeke pini ndi imodzi yomwe. Timiyala tonyezimira tolumikiza tija nato tiikidwe pamwamba pa riboni yotchinga kale, ndipo tiyang'anidwe ngati palibe kamene kagwedera.

Mabanja ambiri tsopano amafuna kuti keke ya chinkhoswe kapena ya ukwati ivale kamzere ka chitenje chomwe asankha, ndipo zimakongola. Koma thonje limamwa mafuta kuposa satin, ndipo chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi ndi utoto wotsalira. Chichapidwe kaye mpaka madzi ayere, chisitidwe, chidulidwe motsata ulusi, m'mphepete mupindidwe n'kusitidwa kapena kusokedwa, poti thonje silitsekeka ndi lawi, limangopsa. Kumbuyo kwake kukhale acetate. Pepala pano limachepa mphamvu.

Paulendo, magawo apite m'mabokosi osiyana, pansi pa galimoto pamalo osalala poyala kansalu kosaterera, osati pa mpando, poti mpando ndi wopendama, ndiponso osati pamiyendo pa munthu. Kunyamuka kukhale m'mawa dzuwa lisanakwere. Wophika atenge sizasi, tepi, mita imodzi ya riboni yotchinga kale, kirimu pang'ono m'kabokosi ndi mpeni wosalazira.

A komiti nanu muli ndi mbali yanu. Mtundu wa riboni uperekedwe kwa wophika kudakali milungu iwiri, osati Lachisanu madzulo ukwati uli mawa, chifukwa kuyesa utoto, kuchapa ndi kutchinga zimafuna masiku. Wophika akaika mtengo wa ntchito imeneyi musamuone ngati wakuba, ndi ntchito ya maola. Tebulo la keke likhale pamthunzi tsiku lonse, poganizira kumene dzuwa lidzakhale 3 koloko masana, kutali ndi khoma la tenti ndi zenera. Ndipo musankhe munthu mmodzi wodzadula keke, amene wophika amuonetse pamene pali mfundo, amuuze kuti riboni zilipo zingati, timapepala tingati ndi timitengo tingati. Gawo lililonse lisanakhudzidwe ndi mpeni, atsegule pamfundo, achotse riboni pamodzi ndi chotchinga chake, makamaka acetate imene siioneka ikamatirira ku kirimu, azule timitengo, aziike zonse pa mbale imodzi n'kuwerenga ngati zakwana.

Ine wowerenga wanu,
Wophika makeke, Lilongwe